Penti Pamwamba pa Penti

Khoma ili ndimapenta ndine,
la golosale ya a Mtila, kuseri kwa njanji,
pamene tauni ya Salima imathera
ndipo minda ya thonje imayamba osaodira.
Msonkho timakhoma ngati a m'tauni,
madzi timatunga pa mjigo ngati a kumudzi.

Dzulo ndinalipala ndi chikwanje chobuntha
kuti nkhope yatsopano ikhazikike.
Zakale zinayamba kutuluka, imodziimodzi.

Pansi penipeni pali Fanuwelo Kanyumbu,
mphunzitsi wopuma, wa jekete ngakhale mu Okutobala.
Ndinali mnyamata, dzanja likunjenjemera,
makutu ndinamukulitsira.
Anadutsa ndi mavoti makumi anayi ndi imodzi.
Analonjeza mlatho pakhwawa,
nabweretsa matumba asanu ndi awiri a simenti
amene anaumira m'kalasi.
Ana amakhalira mpaka lero.
Tisaname, mipando anatipatsa.

Pamwamba pake Yusufu Mdoka wa malole a mpunga,
mavoti khumi ndi asanu ndi awiri.
Anagawa njinga khumi za kabaza,
ndipo patatha zaka zisanu njinga zomwezo
zinanyamula nkhalamba ulere, mamawa,
kuti zikamugwetse.
Ine anandilipira theka.
Ndevu zake ndinazisiya theka.

Kenako kunabwera anthu a mapu ndi galimoto yoyera.
Mzere wawo unadutsa pakati pa chigayo:
injini dera lino, odikira ufa dera lina.
A Mtila amagona kwa phungu uyu,
nkhuku zawo zimagona kwa phungu winayo.

Apa pobiriwira pali diso limodzi la Elube Chimbalanga,
namwino uja wa mawu apansipansi.
Mavoti asanu ndi anayi!
Anawerenga katatu, nyali itatha mafuta,
akuunikira ndi mafoni, mbaula ya tiyi itazima.
Mlandu unagona kukhoti zaka ziwiri
iye akukonzetsa mjigo mwakachetechete.
Anagwa chifukwa cha maliro:
anatumiza bokosi ndi shuga,
koma mwini wake sanakhale nawo pamphasa.

Wotsatira anali mwana wa Kanyumbu,
chipani china, malaya a mtundu wina.
Sindinavutike naye.
Makutu anali omwewo.

A ku likulu amati ndife anamzikambe,
mtima wathu sugona malo amodzi.
Alankhule.
Tsidya la msewu, kumene amavota chimodzimodzi
kuyambira nthawi ya agogo awo,
phungu amamuona pa kalendala.
Ife timamuona thukuta likutsika m'khosi,
akuvina molakwitsa pabwalo la sukulu,
akutchula mayina a ana athu kuchokera papepala.
Mchere, sopo, zitenje:
mkazi wanga anasoka makatani a zipani zinayi,
dzuwa likalowa m'nyumba
limadutsa m'mano a anthu odana.

Nthawi zina usiku ndimawerenga zala.
Ine, mkazi wanga, alamu awiri,
mayi ake, ana atatu, ndi mlendo wa lendi:
asanu ndi anayi.
Sindinafunsepo aliyense kuti anachonga pati.
Nanenso sanandifunse.
Koma Elube akadutsa pa kabaza kupita kuchipatala
ndimaweramira m'chitini cha penti.

Wa chaka chino ndi mnyamata wa magalasi,
akuti anaphunzira kunja, akuti za mlatho akuzidziwa.
Ndamuuza alipire zonse ndisanaviike bulashi.
Khoma lanenepa ndi chala chathunthu,
zenera la a Mtila silitsekekanso bwino.

Pangodya, pafupi ndi mtengo wa sopo,
ndasiya malo osapenta, aakulu ngati chikhatho.
Khutu la Kanyumbu wamkulu lili pomwepo,
likumvetsera magalimoto akutsika
kuchokera ku Lilongwe.